Napolo, Namondwe ndi Manja a Akhristu pa Dooko la Kachulu

Kachulu ndi dooko la kuzambwe kwa nyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba. Pamenepo ndiye pamaima maboti opita ku chilumba cha Chisi, ndipo amalonda amagulapo matemba, makumba ndi milamba. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira m'menemo, koma madziwo amachoka pokhapokha dzuŵa likaŵamwa. Choncho nyanjayi imadzaza ndi kuphwa monga momwe mvula yagwera ku mapiri a Zomba ndi Mulanje. Idauma m'chaka cha 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adagona pa matope ong'aluka. Akatswiri a Yunivesite ya Malaŵi, motsogozedwa ndi Margaret Kalk, adafufuza kusinthasintha kumeneku natulutsa buku lao mu 1979. Ife pano tifuna kuganizira za anthu amene amaberekana kumsana pamene madziwo abwerera mwaukali, makamaka akhristu ogwira ntchito imeneyi popanda malipiro.

Makolo athu ankati pansi pa phiri pamakhala Napolo, chinjoka chimene chikafuna kusamukira ku nyanja chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi yonse ya m'njira mwake. Mu Disembala 1946 chimvula chidagwa pa phiri la Zomba, mitsinje idasefukira, milatho idapita, anthu adafa, ndipo dzina la Napolo lidakhazikika m'kamwa mwa mtundu wonse. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi lidagumukira pa Phalombe, kummwera kwa nyanja yomweyi, ndi kupha anthu mazanamazana. Chaka chomwecho Boma lidakhazikitsa lamulo loyamba lokhudza kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Zakazi ndi zofunika kuzisunga: pakati pa 1946 ndi 1991 padapita zaka 45 dziko lopanda lamulo lotere, komabe anthu sankangosiyidwa m'matope. Ankapulumutsana okha, potsata mwambo wakale kuposa Boma ndiponso kuposa Mpingo m'dziko muno.

Mwambo umenewu unali ndi maina ake. Kunali dima, pamene mudzi wonse unkalima munda wa mmodzi, mwinimunda naphika moŵa. Kunalinso thangata, ndipo mau ameneŵa ali ndi mbiri yoŵaŵa. Poyamba kuthangata kunali kuthandiza mnzako kapena mfumu mwaufulu. Azungu a maesiteti a kumapiri a Shire adatenga mau omwewo naŵasandutsa ntchito yokakamiza, imene munthu ankagwira m'malo mwa lendi ya nthaka imene makolo ake kapena iye mwini adamangapo. Nkhanza za thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe adaukira mu Januwale 1915, ndipo mchitidwewu sudathe mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Motero anthu a chigawo chino adaphunzira ndi thupi lao kuti ntchito yosalipidwa ili mitundu iŵiri, ina yochokera mumtima, ina yochokera kwa mwini mphamvu. Wansembe amene aimirira pa guwa ndi kuitana anthu odzipereka ayenera kudziŵa kuti akulankhula kwa adzukulu a anthu amene adamvapo kale kuitana kotere.

Dayosizi ya Zomba idakhazikitsidwa mu 1959, ndipo episkopi wake woyamba anali Ambuye Lawrence Hardman a chipani cha Montfort. Pa nthaŵi imeneyo chithandizo cha Mpingo chinkachokera kwenikweni ku nyumba ya ansembe: bambo mfumu ndiye anali ndi galimoto, mankhwala ndi abwenzi a kunja. Kusintha kwakukulu kudadza pamene maepiskopi a AMECEA, pa misonkhano yao ya 1973 ndi 1976, adagwirizana kuti moyo wa Mpingo uzikika pa timagulu ta akhristu oyandikana nyumba, timene timati miphakati kapena malimana. Ambuye Patrick Kalilombe a ku Lilongwe ndiwo adalimbikira kwambiri maganizo ameneŵa. Mu 1984 maepiskopi a m'Malaŵi adayambitsa Caritas Malaŵi, imene pambuyo pake idatchedwa CADECOM. Sitikhulupirira kuti maepiskopi aja ankaganiza za madzi osefukira pamene ankakamba za miphakati. Komabe chimene adamanga chidakhala chida chenicheni cha tsiku la ngozi, pakuti mtsogoleri wa mphakati amadziŵa nyumba imene muli gogo wosayenda, mai wodwala pakati kapena ana amasiye, ndipo palibe kaundula wa ku ofesi amene angadziŵe zimenezo usiku.

Zaka zaposachedwa zidayesa chida chimenechi kolimba. Mu Januwale 2015 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 15, kuphatikizapo Zomba, agwa m'ngozi ya madzi osefukira. Kudabwera namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, kenaka Freddy mu Malichi 2023, amene adasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala, akufa ndi osoŵa pamodzi naposa 1,000. Kumapiri ngozi imadza m'kanthaŵi kochepa. Kunyanja kuno imachedwa, koma imakhalitsa: popeza Chilwa alibe potulutsira madzi, zonse zimene mitsinje yatsitsa zimaima m'minda ya mpunga ndi m'mabwalo a nyumba miyezi yambiri, makoma a zidina naloŵa chinyezi mpaka kugwa okha.

Pa maola oyamba a ngozi, galimoto za mabungwe zimakhala zisanafike, ndipo nthaŵi zina mseu weniweniwo umakhala utaduka. Amene amayamba ntchito ndi asodzi ndi mabwato ao, anyamata ofukula katundu pansi pa makoma akugwa, amai a Chikatolika, a Legio ndi a Mvano ophikira anthu othaŵira m'masukulu ndi m'matchalitchi, pamodzi ndi abale athu Achisilamu, amene ali ambiri m'mbali mwa nyanjayi. Madzi safunsa munthu kumene amapemphera, ndipo pa tsiku loyambalo opulumutsanso safunsa. Pambuyo pake pamabwera ntchito yosaoneka ndi yonyansa: kukumba zimbudzi, kuchotsa ziŵeto zakufa, kuthira mankhwala m'zitsime. Ntchito imeneyi si yaing'ono kudera kumene kolera amabwera kaŵirikaŵiri pakati pa asodzi. Mliri umene udayamba ku Machinga mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse.

Vuto lenileni limayamba pamene matumba a ufa afika. Pamenepo pamafunika maina, ndipo cholembera chimakhala m'dzanja la munthu amene ali ndi abale ake, mfumu yake ndi mpingo wake. Pa Chilwa pali anthu ambiri amene kaundula wa m'mudzi saŵadziŵa: asodzi ochokera ku maboma ena, okhala miyezi yathunthu m'zimbowera, tinyumba toyandama tomangidwa pakati pa njedza, ndi amai ogula nsomba amene kwao nkutali. Iwoŵa alibe nyakwawa pano, ndipo ambiri alibe mphakati. Mphamvu ya mphakati, yodziŵa anthu ake bwino lomwe, ndiyo imasandukanso kufooka kwake, chifukwa mlendo saoneka. Palinso funso lina limene ansembefe sitikonda kulimva. Ogwira ntchito a mabungwe amalandira malipiro, pamene mai wa mphakati, amene nyumba yakenso idagwa, amaphikira anthu sabata zingapo kwaulere, munda wake uli m'madzi. Ngati ntchito yakeyo aigwira chifukwa choopa kutchulidwa pa guwa kapena kukanizidwa mwambo wa maliro, ndiye kuti thangata wabwerera ndi dzina latsopano.

Dandaulo la kugaŵa kokondera si lachilendo mu Mpingo. Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 6, limasimba kuti ku Yerusalemu akhristu olankhula Chigriki adadandaula poona kuti amai ao amasiye akuiŵalika pa kugaŵa kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sadakane mlanduwo, ndiponso sadatenge ntchito yogaŵayo m'manja mwao. Adauza mpingo kuti usankhe anthu asanu ndi aŵiri, ndipo maina onse a osankhidwawo, kuyambira Stefano mpaka Nikolasi wa ku Antiokeya, ndi a Chigriki, chimene akatswiri ambiri a Malembo amati chikusonyeza kuti ntchitoyo idaperekedwa kwa mbali imene idadandaula. Pa Kachulu zimenezi zingatanthauze kuti m'komiti yolemba maina mukhale msodzi wa m'zimbowera ndi mai wogula matemba, ngakhale onse aŵiri asali m'buku la ubatizo la parishi.