Lesi wowombedwa pa rigid heddle

Lesi ameneyu ndi nsalu yokhala ndi timipata tokongoletsa timene mmisiri amasiya dala powomba. Amawombera pa chipangizo chamatabwa chimene pakati pake pali chinthu chonga chipeso, chotchedwa rigid heddle, cha mipata italiitali yosinthana ndi timabowo. Ulusi wa m'litali wodutsa m'kabowo umakwera ndi kutsika limodzi ndi chipesocho, pomwe wa mumpata umangokhala pamalo pake. Chipesochi nchakale: china chopangidwa ndi fupa, cha nthawi ya Aroma, chinapezeka ku South Shields ku England, ndipo anthu a mtundu wa Sámi kumpoto kwa Ulaya amawombera malamba pa choterechi.

Chipeso pachokha chimatulutsa nsalu wamba. Lesi amafuna zala ndi kathabwa kosongoka kotolera ulusi. Pa njira yotchedwa leno, mmisiri amapotanitsa ulusi wa m'litali woyandikana, uwiriuwiri kapena kuposerapo, nalowetsa kathabwako, nakaimika cham'mbali kuti ulusi wopingasa udutse ndi kugwira popotanapo. Ntchitoyi imadya nthawi, mzere uliwonse ndi wa pamanja, koma timipata take sititsekeka. Pa njira ina yotchedwa Brooks bouquet, ulusi wopingasa umakulunga timagulu ta ulusi ngati timitolo ta udzu.

Ulusi wathonje wosalala ndiwo woyenera. Waubweya umafufuma nkubisa maluwa a lesiyo. Nsalu ikadali pachowombera sioneka bwino kwenikweni. Maluwa amaonekera bwino ikachotsedwa ndi kuchapidwa.