Masanje anali sukulu ya utsogoleri

Anzanga a kalabu ya omvera kuno ku Mitande, ku Mandimba, Ngauma mpaka Cuamba, lero ndati tikumbutsane za masanje.

Kale chimanga chikakololedwa, ana ankamanga timisasa ta mapesi kunja kwa mudzi. Ankakunkha zotsala m'minda, kusinja ndi kuphika okha. Mfumu yawo ankasankha okha, ndipo wina akaba ndiwo, mlandu ankaweruzanso okha. Makolo ankangoonera patali. Nsima ikapserera ankadya yomweyo, mawa lake n'kusamala moto. Umu ndi mmene mwana ankaphunzirira kuganiza payekha ndi kusenza zotsatira zake.

Nanga chinasokoneza n'chiyani? Kuyambira 1938 mpaka 1961 Apwitikizi ankakakamiza anthu kulima thonje, moti ngakhale kholo silinkasankha chodzala m'munda mwake. Kenaka inabwera nkhondo ya 1977 mpaka 1992. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri a kuno kudzera ku Chiponde, ndipo ana ena anagwidwa n'kusenzetsedwa katundu ndi mfuti. Mwana wa nthawi imeneyo anaphunzira chinthu chimodzi basi: khala chete, mvera lamulo, upulumuke.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma ana a nkhondo aja ndife makolo a lero. Ine ndikuona kuti n'chifukwa chake zimativuta kufunsa mwana kuti, "Iwe ukuganiza bwanji?"

Boma linayesetsa mbali yake. Mu 1994 Mozambique inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana, lomwe limati maganizo a mwana azimvedwa pa nkhani zomukhudza. Lamulo la nambala 19/2019 linaletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18. Komatu lamulo silikhala nafe pakhonde madzulo. Mtsikana amene sanasankhepo kanthu chibadwire, mawu okanira banja lokakamizidwa adzawatenga kuti?

M'mera m'poyamba, abale. Mupatseni mwana nkhuku yakeyake kapena mizere isanu ya mtedza. Aganize yekha zogulitsa kapena kusunga mbewu. Akalakwitsa musathamangire chikwapu, mufunseni chimene waphunzirapo. Pamsonkhano wa kalabu ukubwerawu, agogo amene anasewerako masanje adzatifotokozere, ndipo ana athu tidzabwere nawo, nawonso adzayankhule.