The Weather Channel

The Weather Channel ndi wailesi ya kanema ya ku United States youlutsa za nyengo usana ndi usiku. John Coleman ndi Frank Batten anaiyambitsa ku Atlanta pa 2 Meyi 1982.

Kunja kukakhala bata, oonera amachepa, ndalama za otsatsa malonda nazo n'kuchepa. Pofuna kukopa anthu, mu 2003 wailesiyi inayambitsa pulogalamu ya Storm Stories, ndipo mu 2009 inafika poonetsa filimu ya The Perfect Storm. Okonda zanyengo anadandaula kuti iwo amafuna mapu ndi zolosera, osati zisudzo. Mu Januwale 2014 kampani yofalitsa mawailesi a kanema ya DirecTV inachotsa wailesiyi n'kuikapo ina ya zanyengo yotchedwa WeatherNation. The Weather Channel inabwerera pa DirecTV mu Epulo italonjeza kuchepetsa ndi theka mapulogalamu achisangalalo m'kati mwa sabata.

Kampani ya munthu wabizinesi Byron Allen inagula The Weather Channel mu 2018.