Manambala a m'magazi a ana a ku Kabwe

Mu 1902 T.G. Davey anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pamalo ano, nawatcha Broken Hill potengera mgodi wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, ndipo mgodi unagwira ntchito mpaka 1994. Kwa zaka zambiri akuluakulu ake ankalemba za matani ndi maperesenti m'malipoti opita ku London ndi ku Johannesburg. Okumba ankayankhula Chilenje, Chibemba ndi Chinyanja, ndipo malipotiwo sanali awo. Ngakhale chigaza chakalekale chimene chinafukulidwa mumgodimo mu 1921 chinapita kukalandira dzina la Chilatini ku London, ndipo mpaka lero chikadali komweko.

Chimene chimandipweteka n'chakuti madokotala ankadziwa. Mu 1975 Dr A.R.L. Clark anali atalemba kale za kuchuluka kwa mtovu m'magazi a ana a ku Kasanda, komboni imene mphepo inkatsirako utsi wa ng'anjo ya mgodi. Zolembazo zinawerengedwa ndi madokotala anzake. Mayi wa ku Kasanda ankangoona mwana akudandaula m'mimba, akukomoka, akulephera kusukulu, abale n'kumaloza mfiti. Fumbi lomwe mwanayo ankaseweramo palibe ankalikayikira, poti fumbi ndi fumbi basi.

Ife a ku Mpima tili patali ndi chimulu cha zinyalala za mgodi chotchedwa Black Mountain, ndipo timadzitonthoza nazo. Kuno kuli seminale kumene anyamata ofuna unsembe amaphunzira filosofi. Sindikudziwa chifukwa chake funso la amene ali ndi ufulu womva zotsatira za sayansi silikhala pamayeso awo.

Masiku ano manambala atuluka poyera. Bungwe la WHO limati mtovu ukafika mamaikirogalamu 5 pa desilita ya magazi, pafunika kufufuza kumene ukuchokera. Ukafika 45, mwana amafunika mankhwala ouchotsa, ndipo ku Kasanda, Chowa ndi Makululu ana ambiri apezeka atapitirira pamenepo. Manambala omwewa ndiwo anapita kukhoti ku Johannesburg mu 2020, posumira kampani ya Anglo American pa za mtovu wa mgodiwu, m'malo mwa amayi ndi ana pafupifupi 140,000. Kampaniyo imakana mlandu, ndipo mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti anthuwo asumire pamodzi ngati gulu. Maloya anachita apilo. Kumeneko akatswiri amakangana m'Chingelezi, eni magazi ali kuno.

Inu anamwino ndi ofufuza amene mumatenga magazi a ana athu, musamangopereka kapepala ka nambala. Khalani pansi ndi mayiyo, mumuuze m'chinenero chake kuti athire madzi pabwalo asanasese, asambitse mwana m'manja asanadye, ndiponso tsiku loti abwerenso kudzapimitsa.