Kuphunzitsa mwana kupita kuchimbudzi (m'mbali mwa nyanja ku Salima)

Kuphunzitsa mwana kupita kuchimbudzi ndi ntchito yozoloweza mwana wamng'ono kudzigwira, kunena akamva mkodzo kapena chimbudzi, ndi kukadzithandiza pamalo oyenera. Ana ambiri amayamba kutha kuchita zimenezi paokha ali ndi zaka zapakati pa chimodzi ndi theka ndi zitatu, ngakhale kuti m'midzi yambiri ya ku Malawi amayi amayamba kuwazoloweza adakali makanda. M'boma la Salima, makamaka m'madera a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi monga Senga Bay, Lifuwu, Maganga ndi Chipoka, nkhaniyi imakhudzanso umoyo wa mudzi wonse, chifukwa madzi omwe ana amasewereramo ndi omwenso anthu amasamba, kuchapira ndi kutsukira mbale.

Msinkhu woyambira

Khanda limakodza lokha chikhodzodzo chikadzaza, osadziwa n'komwe. Mwana akamakula, ubongo umayamba kuzindikira kuti chikhodzodzo chadzaza ndi kulamulira minofu yotseka njira ya mkodzo ndi ya chimbudzi. Kwa ana ambiri zimenezi zimayamba kuoneka pakati pa miyezi 18 ndi 24. Mwana wokonzeka amatha maola awiri thewera lili louma, amayenda ndi kunjuta popanda kugwa, amamva malangizo aafupi monga "bwera kuno" kapena "vula kabudula", ndipo amanyansidwa thewera likanyowa. Ena amakabisala kuseri kwa chitseko kapena kwa nkhokwe akafuna kuchita chimbudzi, chomwe ndi chizindikiro chakuti akudziwa zomwe zikubwera.

Akatswiri sanagwirizane chimodzi pa za nthawi yoyambira. Mu 1962 dokotala wa ana wa ku America, T. Berry Brazelton, analimbikitsa kudikira kufikira mwana ataonetsa yekha kuti wakonzeka. Mu 1974 Nathan Azrin ndi Richard Foxx anatulutsa buku lofotokoza njira yachangu yobwerezabwereza ndi kuyamikira mwana. Koma mu 1977 Marten deVries ndi Rachel deVries analemba za anthu a mtundu wa Digo a kugombe la Kenya, omwe ankayamba kuzoloweza makanda a masabata ochepa chabe, ndipo ambiri ankasiya kudziipitsira ali ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Zomwe anaona kumeneko sizingadabwitse agogo a ku Salima.

Njira ya pamapazi

Njira yakale, yomwe ikugwirabe ntchito m'makomo ambiri, sifuna kugula kanthu. Mayi amakhala pansi n'kutambasula miyendo, kenako amamukhazika mwana pamapazi kapena pa akakolo ake, atasiya mpata pakati. Amamugwira manja kapena m'chiuno, n'kumaimba kamluzu kapena kupanga kaphokoso konga ka madzi otuluka. Amachita zimenezi mwana akangodzuka, akangomaliza kuyamwa kapena kudya phala, ndiponso asanamubereke paulendo. Pakapita masabata, mwana amagwirizanitsa kakhalidwe kameneko ndi kaphokosoko ndi kudzithandiza.

Njirayi imayenda bwino chifukwa mwana amakhala kumbuyo kwa mayi ake pafupifupi tsiku lonse. Mayi wobereka mwana ndi chitenje amamva akayamba kudzipotokola kapena kuumitsa mimba, ndipo amamutsitsa msanga. Kunena zoona, pa msinkhu umenewu wophunzira kwambiri ndi mayi: ndiye amadziwa nthawi ndi zizindikiro, pomwe mwanayo sanathebe kudzigwira mwa kufuna kwake. Phindu lake ndi loti matewera ochapa amachepa, zilonda za m'mphechepeche zimachepa, ndipo mwana akafika poyenda sachita chilendo ndi kunjuta.

Pofooka pake ndi pa zomwe zimachitika mwana akamaliza. Mwa chizolowezi, chimbudzicho amachichotsa ndi khasu. Chikakatayidwa m'dzenje la chimbudzi, palibe vuto. Chikaponyedwa kudzala, kuseri kwa mpanda kapena kungofotseredwa pang'ono mumchenga, nkhuku, agalu, ntchentche ndi madzi a mvula zimachibweretsanso pabwalo. Pali maganizo ofala akuti chimbudzi cha mwana, makamaka woyamwa, chilibe matenda. Maganizowa ndi olakwika. Ana aang'ono ndiwo amatsegula m'mimba kawirikawiri, motero chimbudzi chawo chimakhala ndi tizilombo tambiri, ndipo chimagwera pomwe anzawo amakwawa ndi kudya dothi.

Matewera ndi poti

Matewera ansalu amafuna madzi ndi sopo, ndipo kunyanja chiyeso chimakhala chokawachapira m'nyanja momwemo. Alangizi a zaumoyo amalimbikitsa kuyamba kukhuthulira chimbudzicho m'dzenje, kuchapira thewera m'beseni kutali ndi gombe, ndi kuthira madzi ochapirawo m'chimbudzi. Matewera otaya, omwe ambiri amangowatchula kuti mapampasi potengera dzina la Pampers, afika mpaka m'maokala a m'midzi momwe amagulitsidwa limodzilimodzi. Amathandiza paulendo ndi usiku, koma saola, amadzaza dzenje msanga, ndipo akatayidwa poyera agalu amawamwaza. Amayamwanso mkodzo kwambiri moti mwana samva kuti wanyowa, n'chifukwa chake makolo ambiri amawasiya masana akayamba kumuphunzitsa.

Poti wa pulasitiki amapezeka m'misika ndi m'mashopu a pa boma. Ubwino wake ndi woti mapazi a mwana amaponda pansi, ndipo chimbudzi chonse chimagwera malo amodzi osavuta kunyamula. Posowa poti, kabeseni kakale kapena kachidebe kodula kamagwira ntchito yomweyo, bola kasagwiritsidwenso ntchito ina iliyonse.

Zimbudzi za mumchenga

Mwana wa zaka ziwiri sayenera kulowa yekha m'chimbudzi chokumba cha akuluakulu. Bowo lake ndi lalikulu, mkati muli mdima ndi mphemvu, ndipo popondera patalikirana kuposa miyendo yake. Kunyanja vutoli limakula chifukwa cha nthaka. Mchenga sugwira, madzi apansi ali pafupi, ndipo m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, maenje osamangira amagumuka ndipo mitengo yoyala pamwamba imawola. Makolo amene amaletsa ana awo kulowa m'zimbudzi zoterezi sakuchita ulesi, akuopa ngozi yeniyeni. Zotsatira zake n'zakuti mwana amazolowera kuseri kwa nyumba kapena kugombe, ndipo chizolowezicho chimavuta kuchisiya ngakhale atakula.

Njira zothana ndi mchenga zilipo zingapo: kumangira dzenje ndi njerwa mozungulira, kuluka nsungwi kapena bango ngati nkhokwe n'kuziika m'dzenje, kapena kukumba dzenje losazama. Chimbudzi chotchedwa Arborloo, chomwe anachifalitsa ndi Peter Morgan wa ku Zimbabwe, chimakhala ndi dzenje la mita imodzi kapena kucheperapo ndi silabu yopepuka yosunthika. Munthu akamaliza amathiramo dothi ndi phulusa, ndipo dzenjelo likatsala pang'ono kudzaza amalikwirira n'kubzalapo mtengo monga papaya kapena nthochi. Chikapangidwa ndi bowo laling'ono, chimakhala choyenera ana omwe apitirira msinkhu wa poti.

Kuyambira 2008 dziko la Malawi lakhala likugwiritsa ntchito njira ya CLTS, yomwe inayambira ku Bangladesh motsogozedwa ndi Kamal Kar, yodzutsa anthu a m'mudzi kuti asiye okha kuchita chimbudzi patchire. Mafumu ndi alangizi a zaumoyo amawerenga zimbudzi, zivindikiro zake ndi mipondagiya yosambira m'manja. Koma banja likhoza kukhala ndi zonsezi chimbudzi cha mwana chikutayidwabe kudzala.

Likodzo ndi kolera

Likodzo ndi chifukwa chake ngakhale mkodzo wa mwana si nkhani yopepuka kunyanja. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tinyongolotsi amaswa, tizilomboto n'kulowa m'nkhono zing'onozing'ono za m'madzi. M'nkhonomo timachulukana, kenako timatuluka n'kuboola khungu la aliyense amene akusamba kapena kuchapa. Ana a zaka ziwiri kapena zitatu omwe amakhazikidwa m'madzi osaya amayi awo akutsuka mbale amalitenganso matendawa, ndipo amawafalitsa. Chizindikiro chodziwika ndi magazi kumapeto kwa mkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe nthawi zambiri amagawidwa m'sukulu, motero ana osayamba sukulu amatha kuphonyedwa pokhapokha makolo atapita nawo kuchipatala. Mwana wophunzitsidwa kukodza asanatsikire kunyanja, ndi kutuluka m'madzi akamva mkodzo, amadula njira ya matendawa.

Kolera amafala kudzera m'chimbudzi chofika m'madzi akumwa kapena m'chakudya. Mliri womwe unayamba mu Marichi 2022 m'boma la Machinga unakhala woopsa kuposa yonse m'mbiri ya Malawi: anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Salima inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, pamodzi ndi Lilongwe, Blantyre, Mangochi ndi Balaka. Madoko a asodzi, komwe anthu ambiri amasonkhana pogula usipa koma zimbudzi zili zochepa, ndi malo omwe mayi wochita geni amasowa komupititsa mwana. Ena amanyamula poti kapena kachidebe kovindikira m'dengu la katundu.

Kayambidwe kake

Makolo ambiri amasankha nthawi yomwe pakhomo pali bata. Mwana akamadwala, akangosiyitsidwa bere, kapena pakangobadwa mng'ono wake, amachedwa kugwira, ndipo ngakhale amene anaphunzira kale amatha kubwerera m'mbuyo. Nyengo yotentha ya Okutobala imathandiza, poti mwana amakhala ndi kabudula mmodzi wosavuta kuvula ndipo zochapa zimauma msanga.

Poti amaikidwa pamalo amodzi odziwika, ndipo mwana amakhazikidwapo mphindi zochepa akadzuka, akadya ndiponso asanagone. Matumbo amayenda kwambiri chakudya chikangolowa m'mimba, n'chifukwa chake nthawi yabwino ndi atangomaliza phala la m'mawa. Onse omulera, kaya ndi agogo, azakhali kapena mkulu wake, ayenera kugwiritsa ntchito mawu amodzimodzi, kaya ndi "kubiba" ndi "kukodza" kapena ena apakhomopo. Ana amaphunziranso msanga poonera anzawo okulirapo, monga zimachitikira ku sukulu za mkombaphala.

Akachita bwino, kumuombera m'manja n'kokwanira. Akadziipitsira, amangosinthidwa zovala popanda kukalipiridwa. Kumenya kapena kuchititsa manyazi kumapangitsa mwana kugwira chimbudzi, chimbudzicho chimauma, chimapweteka potuluka, ndipo mwanayo amaopa poti kuposa kale. Madzi akumwa okwanira, masamba ndi zipatso monga papaya ndi mango zimafewetsa m'mimba.

Mtsikana amapukutidwa kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti tizilombo tisalowe m'njira ya mkodzo. M'mabanja achisilamu, omwe ndi ambiri m'mbali mwa nyanja, mwana amaphunziranso kutawasa ndi madzi pogwiritsa ntchito dzanja lamanzere. Kaya banja limatsata njira iti, womaliza ndi sopo kapena phulusa m'manja mwa mwana ndi mwa womusamalira. Tinsapato timateteza ku njoka zam'mimba zolowera kumapazi.

Kukodza pogona

Kudzigwira usiku kumabwera mochedwa kuposa masana, nthawi zina ndi chaka kapena kuposerapo, ndipo sikuphunzitsika mokakamiza. Madokotala saona kukodza pogona ngati vuto mwana asanakwane zaka zisanu. Kumayenda m'magazi: kholo lomwe linkakodza pamphasa lili mwana kawirikawiri limaberekanso ana otero. Kumukodzetsa asanagone ndi kuchepetsa zakumwa madzulo kumathandiza, pomwe kumuimbira nyimbo zomunyoza kapena kumuyanikitsa mphasa pamaso pa anzake sikufulumizitsa kanthu.

Mwana ayenera kuonedwa ku sikelo ya ana, kuchipatala chaching'ono chapafupi kapena ku chipatala cha boma cha Salima ngati akukodza magazi, akulira pokodza, akumwa madzi ndi kukodza mopitirira muyeso, watha masiku angapo osachita chimbudzi, kapena wayambanso kudzikodzera atatha miyezi yambiri ali wouma. Akatsegula m'mimba, maphunziro a poti amayamba aima, ndipo amapatsidwa Thanzi ORS ndi zinc kwinaku akupitiriza kuyamwa kapena kudya.