Mayeso a Lilime ku Nyanga: Mbiri ya Kuyeza Chiyankhulo cha Mlendo

Mmalawi akamva koyamba dzina loti Nyanga amaganiza za nyanga ya ng'ombe, kapena nyanga ija imene sing'anga amasungiramo mankhwala. Koma dzina la lokeshoni ya Nyanga, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pakati pa mzinda wa Cape Town, ndi la Chixhosa ndipo limatanthauza mwezi, monganso dzina la lokeshoni ya Langa limatanthauza dzuwa. Chichewa ndi Chixhosa ndi ziyankhulo zapachibale, ndipo chibale chimenechi chimapusitsa mlendo: amadziyesa kuti wamva pomwe sanamve. Funso loti mlendo wafika pati podziwa chiyankhulo, ndiponso loti woyenera kugamula zimenezo ndani, lili ndi mbiri yaitali ku Cape, mbiri imene inayamba Nyanga isanamangidwe.

Mu 1897 boma la atsamunda ku Natal linakhazikitsa lamulo loti aliyense wofuna kulowa m'dzikomo alembe yekha pempho lake m'chiyankhulo china chilichonse cha ku Ulaya. Cholinga chinali kutsekera Amwenye kunja popanda kutchula mtundu wawo. Boma la Cape linatengera nzeru imeneyi mu 1902. Lamulolo linagwiranso ena amene sanatcheredwe msamphawo: Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, amene ankalemba Chiyidishi m'malembo a Chiheberi. Zinatengera kudandaula kwa atsogoleri awo, monga loya Morris Alexander, kuti mu 1906 Chiyidishi chivomerezedwe kukhala chiyankhulo cha ku Ulaya. Lamulo la 1913, limene linakhudza South Africa yense, linati munthu asonyeze kuti amatha kuwerenga ndi kulemba mpaka wogwira ntchito pachipata akhutire. Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mayesowa analibe mlingo wolembedwa umene wolephera akanaloza podandaula. Mlingo unali m'mutu mwa woyesa. Dziko la Australia, limene linatengera njira ya ku Natal mu 1901, linaonetsa poyera kumene njirayi imathera. Mu 1934 akuluakulu a kumeneko, pofuna kubweza mtolankhani Egon Kisch amene ankadziwa ziyankhulo zingapo za ku Ulaya, anamuyesa m'Chigaeliki cha ku Scotland.

Clements Kadalie, Mtonga wa ku Nkhata Bay amene anaphunzira ku Livingstonia, anafika ku Cape Town mu 1918. Chingerezi ankachidziwa bwino lomwe, koma Chixhosa, Chizulu ndi Chisutu sankaziyankhula. Mu 1919 anayambitsa bungwe la ICU pakati pa ogwira ntchito padoko, ndipo pofika 1927 bungwelo linkanena kuti lili ndi mamembala 100,000. Ambiri mwa anthu amenewa ankamva mtsogoleri wawo kudzera mwa womasulira. Munthu mmodzi yemweyo anali pamwamba pa makwerero a chiyankhulo china ndi pansi penipeni pa makwerero a china, koma ntchito inagwirika. Boma linayesa kumuthamangitsa mu 1920, osati chifukwa cha chiyankhulo koma chifukwa cha zimene ankanena.

Amalawi ambiri amene anapita ku Joni sanadzere njira ya Kadalie. Anapita ndi Wenela, ndipo mu migodi anaphunzitsidwa Chifanakalo, chiyankhulo chosakaniza chimene mawu ake ambiri ndi a Chizulu. Mlingo wake anauika ndi mwini mgodi: wantchito amve lamulo la kapitawo, adziwe mayina a zida, ndipo athawe akachenjezedwa za ngozi. Kupitirira pamenepo kunalibe phindu kwa olemba ntchito. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa ndi Dr. Banda ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo ngakhale unayambiranso pang'ono kudzera ku TEBA, unatheratu cha m'ma 1988.

Nyanga inakhazikitsidwa mu 1946, Langa itadzaza. Kumeneko boma silinkavutika n'kuyesa lilime la munthu wakuda, pakuti linali ndi chida chakuthwa koposa, ndicho chitupa. Kuyambira 1952 munthu wopanda chilolezo sankaloledwa kukhala m'tauni kupitirira maola 72, ndipo kuyambira 1955 ndondomeko ya boma inali yoti ntchito za kumadzulo kwa Cape ziziyamba zapatsidwa kwa Makaladi. Amuna ochokera ku Transkei ndi Ciskei ankasungidwa m'mahositelo, kumene bedi ndilo linali nyumba, monga Mamphela Ramphele anafotokozera m'buku lake la mu 1993. Komabe anthu a m'malokeshoni anali ndi makwerero awoawo. Monica Wilson ndi Archie Mafeje, pa kafukufuku wawo wa ku Langa amene anasindikizidwa mu 1963, anapeza kuti anthu ophunzira ankanenedwa kuti ooscuse-me, chifukwa cha kawirikawiri kawo kopepesa m'Chingerezi, pomwe amuna a m'mahositelo ankatchedwa amagoduka, kutanthauza obwerera kumudzi. Onsewa ankayankhula Chixhosa chimodzi, koma khutu linkawasiyanitsa. Mu Disembala 1976 magulu awiriwa, a m'mahositelo ndi a m'nyumba za mabanja, anamenyana ku Nyanga ndipo anthu ambiri anafa. Ndi chaka chomwecho chimene ana a sukulu a ku Langa, Nyanga ndi Gugulethu anatuluka m'makalasi mu Ogasiti potsatira anzawo a ku Soweto, amene anakana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans.

Pa nthawi imeneyi akatswiri a ku Ulaya anali kalikiliki kufunafuna njira yoti mlingo uchoke m'mutu mwa woyesa n'kuikidwa papepala. Mu 1975 Jan van Ek analembera bungwe la Council of Europe ndandanda ya zimene wophunzira ayenera kutha kuchita kuti adziimire payekha m'dziko la eni. Msonkhano wa ku Rüschlikon ku Switzerland mu 1991 unagwirizana zopanga muyezo umodzi, ndipo muyezowo, wodziwika ndi chidule choti CEFR, unasindikizidwa mu 2001. Uli ndi masitepe asanu ndi limodzi, kuyambira A1 mpaka C2. Wa pa A1 amatha kupereka moni, kutchula dzina lake ndi kufunsa mtengo, malinga womuyankhayo asafulumire. Wa pa B1 amatha kudzithandiza pa ulendo, kusimba zimene zamuchitikira ndi kupereka zifukwa mwachidule. Wa pa C2 amamva pafupifupi chilichonse ndipo amasiyanitsa matanthauzo oyandikana kwambiri. Chachilendo pa muyezowu n'chakuti sufunsa zimene munthu walakwitsa koma zimene angathe kuchita, ndipo umayeza kumva, kuyankhula, kuwerenga ndi kulemba paderapadera, kotero kuti munthu angathe kukhala pa B2 pakumva koma pa A1 polemba. Si kuti muyezowu ulibe banga. Mayiko monga Germany ndi Britain anausandutsa loko wa pachipata poika B1 ngati chofunika kwa wopempha unzika, ntchito imene olemba ake sanaupangire. Koma wolephera amadziwa sitepe imene waphonya, ndipo angathe kukaphunzira n'kubweranso.

South Africa watsopano sanatenge njira imeneyo. Lamulo la unzika la 1995 limati wopempha azitha kuyankhulana ndi anthu m'chiyankhulo chimodzi mwa ziyankhulo za boma mpaka nduna ikhutire. Ziyankhulozo zinachuluka, zinali 11 mu 1996 ndipo zinafika 12 mu 2023 chinenero cha manja chitawonjezedwa, koma ganizo lija loti wina akhutire ndi lomwe lija la mu 1913. Masitepe olongosoka a Chixhosa amapezeka m'masukulu ndi m'mayunivesite. Mwachitsanzo, ophunzira udokotala ku yunivesite ya Cape Town anayamba kuphunzira ndi kuyesedwa Chixhosa ndi Chiafrikaans kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kuti azitha kufunsa wodwala pomwe pakupweteka. Mmalawi amene wabwera payekha chitatha chaka cha 1994, n'kupeza kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu m'malokeshoni a ku Cape Flats, alibe kalasi yotere. Sukulu yake ndi siteji ya ku Nyanga, mwini nyumba, mpingo ndi anzake a pa ganyu.

Chixhosa chophunziridwa motero chimakhala ndi maonekedwe ake. Kumva kumatsogola, chifukwa magulu a mayina ndi kamangidwe ka aneni n'zofanana ndi za Chichewa. Umntu ndi munthu, umlilo ndi moto sizitalikirana m'maganizo, ndipo inyama ndi nyama basi. Kuyankhula kumatsatira, kokwanira kutsikira pamalo oyenera ndi kukambirana za lendi. Kulemba kumatsalira kutali. Chimene chimakana mpaka kalekale ndi mawu oliza lilime, olembedwa ndi c, q ndi x. Mchewa amatulutsa phokoso lofananako pokhapokha potsonya, ndiye kuliika m'kati mwa liwu, pamaso pa munthu wamkulu, kumamuvuta kukamwa ndi mumtima momwe. Zidzukulu za Angoni amene anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835 zimabwerera kumwera zitataya mawu omwewo amene makolo awo anachoka nawo. Pa muyezo wa CEFR munthu wotere sakanasowa malo, pakuti katchulidwe ndi mbali imodzi chabe mwa zambiri.

Mayeso amene anakumana nawo mu 2008 anali a mtundu wina. Ziwawa zolimbana ndi alendo zinayamba ku Alexandra pa 11 Meyi, ndipo patatha masiku pafupifupi khumi zinafika ku Cape Town, kumene anthu pafupifupi 20,000 anathawa m'nyumba zawo, ambiri n'kukasungidwa m'misasa monga ya Soetwater ndi Blue Waters. Ku Gauteng magulu a anthu ankaimitsa odutsa, kuwalozera chigongono n'kuwafunsa dzina lake m'Chizulu. Yankho linali indololwane, liwu limene munthu angathe kukhala zaka khumi osalifuna pamsika kapena pantchito. Liwu la Chixhosa la chiwalo chomwecho, ingqiniba, limabisa pakati pake phokoso lija limene mlendo amalephera. Apolisi nawonso anali atadzudzulidwa kale ndi bungwe la Human Rights Watch mu 1998 chifukwa chogamula kuti munthu ndi mlendo poona khungu ndi kumva kayankhulidwe. Owerenga Baibulo adzakumbukira Aefuraimu pa madooko a Yordano m'buku la Oweruza, amene liwu limodzi linawaphetsa.

Mayeso a chigongono safunsa zimene munthu angathe kuchita ndi chiyankhulo. Amafunsa kumene anayamwira. Alibe masitepe, ndipo alibe tsiku lobwereza. Pamene bungwe la Council of Europe linkakonzanso muyezo wake m'buku lowonjezera la mu 2020, linachotsa m'mafotokozedwe ake ganizo loti wophunzira azifanizidwa ndi mwini chiyankhulo, poona kuti eni akewo sayankhula mofanana. Msewu unali utapereka kale umboni wa zimenezi: mwa anthu 62 amene anaphedwa mu Meyi 2008, anthu 21 anali nzika za South Africa.