Chingerezi cha ku Malawi

Chingerezi cha ku Malawi ndi Chingerezi monga momwe Amalawi amachiyankhulira ndi kuchilembera tsiku ndi tsiku kusukulu, m'maofesi, pa wailesi ndi pa WhatsApp. Malamulo ake ambiri ndi a Chingerezi cha ku Britain, chomwe ndicho chimaphunzitsidwa m'kalasi, koma kapangidwe kena ka ziganizo kamatsata Chichewa ndi ziyankhulo zina za m'dziko muno. Pamalo ngati pa Chinakanaka m'boma la Mulanje, pomwe anthu amagula ndi kugulitsa m'Chichewa ndipo achikulire ena amayankhula Chilomwe, ana ambiri amakumana ndi Chingerezi koyamba akalowa sukulu.

Mbiri ndi udindo wake

Chingerezi chinafika ndi amishoni a ku Scotland, omwe anakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876, ndiponso ndi boma la atsamunda kuyambira 1891. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagwirizana kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, Chingerezi n'kupitiriza kugwira ntchito za boma. Pulezidenti Kamuzu Banda ankayankhula Chingerezi pamisonkhano, wina n'kumatanthauzira.

Lero gawo 51 la malamulo aakulu a dziko limati wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Kusukulu, kwa zaka zambiri ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, koma lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Pa mayeso a MSCE, omwe amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi. N'chifukwa chake timawu tating'ono tomwe tafotokozedwa m'munsimu si nkhani yamasewera kwa wophunzira wa Fomu 4.

Dongosolo la mawu m'chiganizo

Apa ziyankhulo ziwirizi zimagwirizana. Mwininkhani amayamba, kenako mneni, kenako chochitiridwa: "Mayi agula nanazi" ndi chimodzimodzi "Mother has bought a pineapple". Kusiyana kuli pa mfotokozi, yemwe m'Chichewa amatsata dzina koma m'Chingerezi amatsogola. "Phiri lalitali" ndi "a high mountain". Ophunzira sachedwa kuzolowera zimenezi.

Mafunso ndiwo amavuta. M'Chichewa mawu ofunsira amakonda kukhala kumapeto, monga "Mukupita kuti?" Chingerezi chimawaika kumayambiriro ndi kusinthanitsa mwininkhani ndi mneni wothandizira: "Where are you going?" Ngati mneni wothandizira palibe, pamalowa do, does kapena did. Pocheza anthu ambiri amangoti "You are going where?", ndipo aliyense amamva.

Inde ndi ayi

Funso lokana limasokoneza kuposa ena onse. Munthu akafunsidwa kuti "Simunadye?" n'kuyankha kuti "Inde", Mmalawi aliyense amadziwa kuti munthuyo sanadye, pakuti yankholo likuvomereza zomwe wofunsa wanena. Chingerezi sichiyang'ana funso koma chomwe chinachitikacho. Pa funso loti "Didn't you eat?", yemwe sanadye amayankha "No, I didn't", yemwe wadya amati "Yes, I did". Mmalawi akangoyankha "Yes" potanthauza kuti sanadye, mlendo amamva zosiyana kotheratu. Pa nkhani ya nsima palibe chimawonongeka, koma funso likakhala la mankhwala kuchipatala kapena la mlandu kukhoti, ndi bwino kuyankha chiganizo chathunthu.

Tifunso tapamapeto tilinso ndi lamulo lake. Chichewa chimangoti "eti?" kapena "si choncho?" pa chiganizo chilichonse, ndiye ambiri amaika "isn't it?" paliponse. Chingerezi cha m'mabuku chimabwereza mneni wothandizira: "They have gone, haven't they?", "She sells tea, doesn't she?" Kugwiritsa "isn't it?" paliponse kumamvekanso ku Zambia, ku South Africa ndi ku India.

A, an ndi the

Chichewa ndi Chilomwe zilibe timawu timeneti. A kapena an amaikidwa pa chinthu chimodzi chowerengeka chomwe chikutchulidwa koyamba, ndipo the amaikidwa pa chinthu chomwe woyankhula ndi womvera akuchidziwa kale. Kusankha pakati pa a ndi an kumatengera kamvekedwe, osati lemba: "an hour" koma "a uniform". Ambiri amasiya timawuti, monga "I am going to market", ndipo ena amaika pomwe sitifunika.

Mayina osawerengeka amabweretsa vuto lofanana. Furniture, advice, luggage, equipment ndi information salandira s, koma "advices" ndi "equipments" amapezeka ngakhale m'makalata a m'maofesi. Apa wophunzira sangaimbidwe mlandu kwambiri, chifukwa "malangizo" ndi "zipangizo" m'Chichewa ndi mayina ochulukitsa.

Alowam'malo ndi ulemu

"Iye" amaimira mwamuna kapena mkazi, choncho he ndi she amasinthanitsidwa ngakhale ndi anthu ophunzira bwino akamayankhula mofulumira. Chomwe Chichewa chimasiyanitsa ndi ulemu. Wamkulu sanenedwa kuti "wabwera" koma "abwera", ndipo mwana wina amanyamula ulemuwo n'kunena kuti "My father, they have come". Kubwereza mwininkhani, monga "Me, I don't know", kumatsata "Ine sindikudziwa".

Nthawi za aneni

Chingerezi sichilola have ndi has kuyenda limodzi ndi nthawi yotchulidwa yomwe inapita. "I came yesterday" ndi cholondola, pamene "I have come yesterday" amachidula ndi cholembera chofiira. M'Chichewa "Ndabwera dzulo" n'chiganizo chabwinobwino, chosonyeza kuti munthuyo akadali pompo, ndipo n'kumene kumachokera chisokonezochi.

Aneni osonyeza mkhalidwe, monga know, understand ndi have potanthauza kukhala ndi chinthu, kawirikawiri salandira -ing. Komabe "I am understanding" imamveka m'kalasi iliyonse, kutsata "Ndikumva". Palinso "I am coming", yomwe munthu amanena akuchoka. Ndi "Ndikubwera" wathu yemwe uja, kutanthauza kuti abweranso posachedwa, ndipo alendo odzakwera phiri la Mulanje amadabwa kuona wonenayo akulowera kwina.

Mawu otengera Chichewa

"Ndibwereke cholembera" amasanduka "Borrow me a pen", pamene Chingerezi chimasiyanitsa lend, kupereka, ndi borrow, kulandira. "Kumva fungo" kumabereka "I hear a smell". "Sorry" amanenedwa ngati "pepani" kwa munthu amene wapunthwa, ngakhale wonenayo sanalakwe. "I stay at Chinakanaka", m'malo mwa "I live", ndi "Ndimakhala", ngakhale kuti anthu a ku Scotland nawonso amagwiritsa stay motero.

Kulakwitsa kapena mtundu wa Chingerezi

Akatswiri ambiri a ziyankhulo amaona kayankhulidwe kotere ngati mtundu wa Chingerezi wokhala ndi dongosolo lake, monga momwe cha ku Nigeria kapena cha ku America chilili ndi zakezake. Mfundoyi ndi yomveka, chifukwa anthu a ku Mulanje ndi a ku Karonga, omwe sanaonanepo, amapanga ziganizo zofananazo. Koma ochonga mayeso a MANEB ndi olemba anthu ntchito amatsata malamulo a m'mabuku. Aphunzitsi ambiri amalangiza ophunzira kudziwa mitundu yonse iwiri: "Borrow me" pocheza ndi anzawo pamsika, "Lend me" polemba chimangirizo kapena kalata yofunsira ntchito.